Misampha Imene Ndinaiiwala Kuthengo

Mkazi wanga anayamba kudwala mwezi wa Seputembala, misampha yanga ili chitcherere kuthengo. Inalipo khumi ndi iwiri, kum'mawa kwa komboni ya Kalikiliki, kutali ndi kumene nyumba zinkathera. Kuchokera kwathu ku komboni ya Mtendere unali ulendo wa maola awiri pa njinga.

Ntchito yanga inali yokonza njinga pamsika. Zaka zimenezo za chipani chimodzi tinkafola mzere wa ufa, wa sopo, wa mafuta ophikira, ndipo nyama ya m'butchala tinkangoionera pagalasi. N'chifukwa chake ndinabwerera ku luso la bambo anga, amene anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito m'mafamu a dziko lino. Ndinkadziwa kuti boma silinkalola kutchera. Koma malamulo amene ndinkawaopa kwambiri anali awiri a bambowo. Loyamba, msampha suusiya masiku ambiri osakauona, chifukwa nyama yoolera pamsampha ndi tchimo. Lachiwiri, mvula ikayamba misampha yonse ichotsedwe, popeza agwape amakhala ndi bere, ndipo wopha make wapha ndiwo za chaka chamawa. Ndinkapita Lachitatu ndi Loweruka, osadumphitsa.

Kamba wa ulendo ankakonza ndi mkazi wanga: chimanga chokazinga chosakaniza ndi mtedza wamchere, chigumu chokulunga m'masamba a nthochi, ndi thobwa la munkoyo m'botolo limene analisokera kansalu kuti lisatenthe ndi dzuwa. Ankalongedza zoposa za munthu mmodzi. Ndikadandaula za kulemera ankati, "Kuthengo kuli anthu, bambo. Mukakumana ndi wina mudzadya akukuyang'anani?"

Matenda anatenga miyezi iwiri, lero kuchipatala, mawa kunyumba. Anamwalira mu Novembala, mvula itangoyamba. Abale anabwera, analira, nabwerera kwawo. Ana athu awiri anali kale pabanja ku Kopala, dera la migodi, ndipo nawonso anapita. Ndinatsala ndi mipando iwiri ndi wailesi. Masiku onsewo misampha sinandibwerere m'maganizo ngakhale kamodzi.

Anandikumbutsa ndi mayi wina wa Chibemba, woyandikana naye nyumba, amene ankagulitsa tomato. Tinakumana pampopi mu Januwale.

"Ba neba, ka nyama kaja kanasila?" anatero akuseka. "Bana banga bafunsa, ati ba shikulu banaleka kuyenda mu sanga? Ise kuno ni kapenta che, mpaka tizamera mamba."

Ankangofuna kundiseketsa; ana akewo ankanditcha ba shikulu, kutanthauza agogo, ndipo sanga ndilo thengo. Ine ndinayang'ana ndowa yanga ikusefukira, ndikuwerenga pa zala. Miyezi inayi.

Loweruka ndinalawira. Ndinayesa kukazinga chimanga, chinapserera kunja chili chiwisi m'kati. Ndinagula mabanzi awiri pakantini, ndinathira madzi m'botolo lija, n'kukwera njinga.

Thengo linali litasintha. Udzu unkafika m'chiuno, ndipo tinjira ta nyama tinali titabisika. Chinandithandiza n'chakuti pamsampha uliwonse ndinkasema khungwa la mtengo wapafupi. Itatu yoyamba inalibe kanthu. Ndinaimasula ndi kuiika m'thumba, mtima ukuyamba kutsika. Pa wachinayi ndinapeza mafupa a gwape. Pozungulira kamtengo kamene ndinamangapo waya, udzu sunamere. Nyamayo inapalasa nthaka mozungulira mpaka kuuma gwa, ndipo khungwa la kamtengoko linasendeka mpaka kuoneka mtengo woyera. Sindikudziwa kuti inazungulira masiku angati.

Pena ndinapeza minga ya nungu yokhayokha. Pena panali gwape wamkazi amene mwina anafa sabata yomweyo, ntchentche zili ng'aa. Sindinafune kuyang'ana pamimba pake, koma ndinayang'ana. Ndinamukwirira ndi nthambi, ndinavula chipewa, ndipo mawu a pemphero anandisowa. Kenaka ndinapitirira ku msampha wina.

Dzuwa likupendeka ndinali ndi misampha khumi ndi umodzi m'thumba. Wotsala ndinautchera pafupi ndi kamtsinje, pansi pa mtengo waukulu wa mombo. Nditafika ndinapeza zitsa zokhazokha, ndi ng'anjo ya makala ikufuka. Mtengo wa chizindikiro changa unali m'kati mwa ng'anjoyo, kapena unagulitsidwa kale m'thumba ku Kalingalinga. Ndinayamba kufufuza m'udzu ndi ndodo.

"Ba mudala, musakila chani? Mbuzi yasoba?"

Anali mwini ng'anjo, munthu wa msinkhu wanga, maso ofiira ndi utsi. Anali yekha, ndi kachisakasa ka udzu pambali.

"Msampha," ndinayankha.

"Ah. Ine niziba msampha ndiye usakila nyama. Manje lelo munthu asakila msampha?"

Anaseka, nanenso ndinamwetulira pang'ono. Tinakhala pachitsa. Ndinatulutsa mabanzi aja, limodzi lake limodzi langa. Analitembenuza m'manja mwake.

"Ulendo wonse uyu, mabanzi yabili? Bakazi banu ni baulesi, mudala. Mukabauze nakamba ndine."

Ndinamuuza kuti anamwalira mu Novembala. Ndinamuuzanso za misampha, za miyezi inayi, za gwape uja. Anasiya kutafuna. Anapepesa mwaulemu, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Kenaka ananyamuka, napita pa matumba ake a makala, namasula waya umene unamanga pakamwa pa thumba lina.

"Ni uyu," anatero. "Ninaupeza kudala, pamene tinali kujuba mutengo uja. Unalibe kanthu. Tengani, muyende mukagone bwino."

Ndinaulandira ndi manja awiri. Unali waya wa mpanda, wokhuthala, wosapindika msanga. Misampha yanga yonse ndinkaipanga ndi waya wa mabuleki a njinga, woluka, umene ndinkachotsa pa njinga za anthu pamsika. Ndinamuthokoza, osamuuza kuti sunali wanga. Mwina anapezadi msampha wa munthu wina n'kuganiza kuti ndi wanga. Mwina anangondimvera chisoni. Zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Ine ndinamwa madzi, ndinam'patsira botolo, n'kutsazika.

Kunyumba ndinadula misampha khumi ndi umodzi ija ndi pulayala, tizidutswa tating'onoting'ono, n'kuitaya m'chimbudzi. Sindinatcherenso chiyambire tsiku limenelo.

Koma umodzi unali ukadali m'udzu, kukamwa kuli yasa. Ndinabwererako Loweruka lotsatira, ndi linanso. Ndinkazungulira chakumunsi kwa kamtsinje kuti munthu wa makala uja asandione n'kudziwa kuti waya wake sunandikhutiritse. Ndinkakwawa m'tinjira ta nyama, ndikupisa dzanja pansi pa zitsamba, mpaka mawondo a buluku kung'ambika. Loweruka lachinayi ndinapeza ng'anjo itazizira, chisakasa chitagwa, mwiniwake atasamukira kumene mitengo inali isanathe. Ndinadya ndekha pachitsa paja. Kunalibe ngakhale njiwa yolira. Ndinafufuza mpaka mthunzi wanga utatalika, kenaka ndinakankha njinga kubwerera kumsewu.

Waya wa mabuleki ndimaudziwa, ndaugwira moyo wanga wonse. Ukakhala panja, dzimbiri limaudya ulusi umodziumodzi, ndipo supyola mvula ziwiri usanaduke wokha. Choncho ndinauika m'pemphero langa la m'mawa, pambuyo pa ana ndi pa odwala a mumpingo, kuti chilichonse choyenda panjira imeneyo chilambalale. Ndinatero mvula imeneyo mpaka kutha, chilimwe chonse, ndi mvula yotsatira. Udzu utauma kachiwiri, ndinasiya kuutchula.