Tsiku Limene Ndinathetsa Nkhondo ya ku Ulaya

Pepani kuti nanenso ndalemba, sukulu yanga ndi ya kumudzi. Amalume, omwe amalima kachewere kufupi ndi Lizulu, ankandidalira pa nkhani zakunja chifukwa pakhomo pathu foni ndili nayo ndine. Tsiku lina ndinaona mutu wa nkhani wakuti nkhondo ya ku Ulaya mwina itha, koma bandulo inandithera ndisanatsegule. Atandifunsa, ndinachita manyazi kuvomera kuti sindinawerenge.

"Yatha, amalume. Feteleza atsika mtengo."

Anadikira osagula, uku akunditama kwa anzawo kumsika. Mvula inagwa, mtengo n'kukwera.

Nditaulula tikuchokera ku Misa, anangondiyang'ana. "Mphwanga, ndiye nkhondoyo unaithetsa wekha?"

Anasiya kundifunsa za kunja tsiku lomwelo, la Khirisimasi, pa 25 Disembala.