Mwamuna wobwereka kusikelo

Lachiwiri lapitali ndinakhala mwamuna wa munthu wina kwa maola atatu, ndipo ananditumawo ndi mayi akunyumba omwe.

Mng'ono wawo, Esinati, ali ndi pakati pachiwiri, mwamuna wake ali ku Joni. Paja kusikelo amayamba kuthandiza obwera ndi amuna awo, wobwera yekha amapsa ndi dzuwa mpaka masana. Ndiye Esinatiyo anati, "Alamu, tiyeni mukangokhala pabenchi. Musakayankhule."

Ntchito yongokhala ine ndimaitha. Tinanyamuka kwa Kadewere m'mamawa, ine jekete ili pathupi ngati mwini mimba.

Anatitenga magazi tonse awiri. Sitinafunse. Amafunsa ndani? Tonsefe timangodziwa kuti magazi akusikelo ndi oyeza kachilombo basi.

Kenako anamwino anatiitanira m'kachipinda. "Mayi, magazi anu ndi a gulu losowa. Mwana akatengera gulu lina kwa bambo ake, thupi lanu limatha kupanga asilikali olimbana ndi magazi a mwanayo, makamaka pamimba yachiwiri ngati iyi." Anayang'ana pepala langa n'kumwetulira. "Koma mwayi wanu, abambowa gulu lawo ndi lanu lomwelo. Palibe chodetsa nkhawa."

Abale inu, ndinanyada! Ndinafika pokonza kolala. Magazi anga apulumutsa mwana!

Esinati anandiponda phazi. "Anesi, pepani. Awa ndi alamu anga."

Jekete ija inayamba kutentha.

Anamwino sanakalipe. Anafufuta zomwe analemba, n'kumutumiza Esinati kuchipatala chachikulu kuti akaone ngati asilikaliwo ayamba kale, akamvenso za jekeseni woteteza mwana. Ine anangondiuza kuti, "Bambo, akamakubwerekani muzifunsa kaye ntchito yake."

Kunyumba andiseka sabata yonse, koma ine mantha sanandichoke. Esinati akanagwidwa manyazi, akanabwerera ndi kabuku konena kuti zonse zili bwino, chifukwa cha magazi a munthu amene mimbayo sikumukhudza n'komwe.

Amayi kusikelo amaimbitsidwa nyimbo za zakudya zamagulu ndi zogona m'masikito mpaka mawu kusasa. Za gulu la magazi amamva singano italowa kale, ena osamva n'komwe. Safunsa anadya phula, inde. Koma munthu angafunse bwanji chinthu chimene sanachimvepo? Akanauzidwa pakhomo pomwe kuti magazi a bambo angagwiritsidwe ntchito yotere, akanabwereka mwamuna ndani?

Tsiku lija potuluka kusikelo ndinaona anyamata atatu akabaza omwe ndimawadziwa bwinobwino kuti sali pabanja, atakhala mwaulemu aliyense pambali pa mayi woyembekezera, manja atapinda kudikira singano.

Magazi awowo akalembedwa m'mabuku a ana a yani?