Ndili Bwino, Kaya Inu

"Ndikapita, abale angawa asadzakuoneni mukutsimphina." Anandiuza choncho amuna anga atagona pamkeka, kutatsala masiku ochepa kuti atisiye. "Akadzangokuonani, adzakunyamulani ngati katundu kukakutulani kwa mwana wanu ku boma, malo ano n'kuyamba kuwayeza ndi chingwe."

Ine si wakuno. Kwathu n'ku Chowe, kuno ku Monkey Bay ndinatsatira banja. Nyumba yathu ndi yomalizira m'mudzi, kuseri kwake n'kumene kumayambira phiri. Kale kumeneko kunali kotola nkhuni basi. Kenako kunabwera anthu ndi zitini za penti, n'kumalemba mivi yoyera pamiyala, motsata njira yomwe tinaiponda ife azimayi ndi mapazi athu. Akuti alendo azikwera kukaona nyanja ali pamwamba. Ife kuti titole nkhuni, tiziyamba tadula tikiti.

Amene amaperekeza alendowo ndi mphwawo wa amuna anga, bambo wa ana asanu, wa imvi kale m'ndevu. Amamutcha gaidi. Njirayo imayambira pa mlambe wa pakhomo panga, ndipo akamadutsa moni amapereka kwa ine koma maso ali pabwalo. Anandiuzapo kuti pamenepa pangakhale bwino kagolosale kogulitsira alendo madzi ozizira.

Chaka chatha, nyengo yotentha, ndinakwera kukatola nkhuni. Potsika, mtolo uli pamutu, ndinaponda timiyala tosalala pamene njira imakhota pakati pa matanthwe awiri. Ndinagwera chammbali. M'chiuno munalira ngati nthambi youma. Nditayesa kudzuka, mwendo wamanzere unakana.

Ndinamva nsapato zikubwera. Ndinadzikoka n'kutsamira tanthwe, n'kuyala chitenje pamiyendo, mpango n'kuukonza. Anatulukira mphwawo uja ndi azungu atatu, aliyense ndodo ziwiri m'manja ngati wodwala.

"Muli bwanji!" anatero mayi amene anali patsogolo. Mawu amenewa amawaphunzitsa asanatsike n'komwe galimoto.

"Ndili bwino, kaya inu?"

Pakamwa panayankha pokha, monga pakhala pakuyankhira chibadwire changa. Anakondwa kuti ndawamva, anaomba m'manja.

"Alamu, mwakhala padzuwa bwanji, mthunzi uli apo?" anafunsa mphwawoyo.

"Ndikuwotha. Kapena dzuwanso mwaliikira tikiti?"

"Nanga nkhuni zamwazikazi?"

"Ndikusankha zolimba."

"Dzukani ndikusenzetseni."

"Perekeza azungu ako, angasochere pa mivi yako yomwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka pomwe chitenje chinathera. Ine ndinamuyang'ananso. Mayi uja anandipatsa botolo la madzi, ndinakana. Anapempha kundijambula. Ndinamwetulira. Kwinakwake kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu kuli chithunzi cha gogo wosangalala, nyanja ikuwala kumbuyo kwake.

Atapita, anyani anatsika n'kukhala pamatanthwe, kumandipenya osaphethira. Amenewo sanamizidwa. Ndinayamba kutsika chokhala, ndikudzikhwekhwereza, mwendo ndikuukoka ndi manja. Adhana ya masana, yoitanira mapemphero ku mzikiti, inandipeza ndili m'phiri. Ya madzulo inandipeza pa mlambe. Nkhuni ndinazisiya konko.

Kuchipatala sindinapite. Kuti ndikafike kumeneko anayenera kundinyamula anthu, ndipo mudzi wonse ukanaona. Mwana wanga ataimba foni ndinamuuza kuti ndili bwino, chifukwa zimene wamva iye mmawa, mkazi wa gaidi amakhala atazimva dzuwa lisanapendeke. Adzukulu anafunsa kuti abwere patchuthi, ndinati kuno kwavuta malungo.

Fupa linagwirana lokha, koma mokhota. Tsopano ndimatuluka anthu asanayambe kuyenda, ndodo n'kuibisa kuseri kwa chitseko, n'kukhala pakhonde. Aliyense amandipeza nditakhala, amandisiyanso nditakhala. Mayi amene amanditungira madzi ndinamuuza kuti ndakalamba mokwanira kutumikiridwa. Kaya anakhulupirira, kaya amakanena kwina, sindikudziwa. Ndowa amatula pakhomo, m'nyumba salowa.

Mwezi watha ndinagwanso, m'nyumba momwemo, pakati pa bedi ndi chitseko. Ndinagona pansi tsiku lonse. Nsapato zinadutsa katatu kuseri kwa khoma, ndinamva ndi kuseka komwe. Wina anafuula moni wake uja poona utsi wa moto wa dzulo pa mafuwa, kapena anangofuulira nyumba. Ndinayankha ndili pansi pomwepo, tsaya lili pa dothi. Anapitirira.

Inu amene mukuwerenga izi sindikukudziwani, ndipo sindinganame kuti ndakukhulupirirani. Kungoti munthu wochokera kutali sangafune bwalo langa. Mukadzabwera kudzakwera phiri lathuli, nyumba yake ndi ya pa mlambe pomwe pali muvi woyamba. Mukadzapeza pakhonde palibe munthu dzuwa litakwera, mudzatsalire m'mbuyo ngati mukumanga chingwe cha nsapato, gaidi apitirire. Mudzagogode. Ndidzati ndili bwino. Musadzachoke mpaka nditatsegula.