Ukonde wa Atate Ake a Mwape

Ndikukumbukira chaka chimene Mwape anabwera kudzakhala kwathu ku Lubuto, komboni ya m'tauni ya kumigodi, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Dziko linali litalandira ufulu, kopa ya m'migodi inali pa mtengo, ndipo makolo a anzanga ankagula mawailesi ndi njinga zonyezimira. Atate anga anachita zina. Anasiya ntchito ya umakaniko ku dera la mafakitale la Heavy Industrial, nagula kalole kakale, nayamba kupikula nsomba ku nyanja ya Mweru.

Doko limene ankapitako linali litafa. Ogula a ku Congo analeka kubwera chifukwa cha nkhondo, anyamata anathawira ku migodi, mabwato ankangowolera pamchenga. Atate ndi anzawo anayi a pamsika anagwirizana zolidzutsa. Ankatumizako maukonde, mchere ndi ayezi, ndipo atate ankakonzera asodzi mainjini. Kusukulu anzanga ankagwira mphuno ndikamadutsa, amvekere, “Kapenta wafika!” Ndinkadana nayo nyanja imeneyo ndisanaione n'komwe.

Ndiye tsiku lina atate anatsika m'lole ndi kamtsikana kowonda, ka msinkhu wanga.

“Aginesi, uyu ni Mwape, mwana wa a Kasongo, msodzi mnzanga. Azaphunzira kuno. Ni m'bale wako.”

M'bale wanga! Anamugulira nsapato zatsopano, ine ndikuvala zong'ambika kuchala. Amayi anagawa pakati kabokosi kanga ka zovala. Chibemba cha Mwape chinali chakumudzi, chokoma, moti anzanga omwe ankaseka Chibemba changa, poti sichinali chiyankhulo cha kwathu, anayamba kumuzungulira ngati ntchentche pa mango. Koma chimene chinandibaya kwambiri chinali cha maukonde. Loweruka lina anzawo a atate anasonkhana pakhonde kuyang'ana ukonde watsopano, wa nayiloni. Mwape anaugwira, n'kuwaonetsa mfundo ziwiri zomangidwa molakwika. Atate anamusisita m'mutu, nati, “Mwaona mwana wanga? Mutu ulipo apa.” Ine ndinali chilili pomwepo ndi thireyi ya tiyi, manja akupsa, osandiona ndi mmodzi yemwe.

Lolemba ndinaweruka msanga. Amayi anali kumsika. Ndinatenga lezala ya atate, ndinalowa m'chipinda momwe munali ukondewo, n'kuudula malo asanu. Ulusi wake unkalira twee, ndipo ndisaname, mtima wanga unkamva kukoma.

Atate ataona anatiitana tonse awiri.

“Ndani wachita ichi?”

“Kaya,” ndinatero. “Amene amagwiragwira maukonde ni Mwape.”

Mwape sanadziteteze. Anagwada, nayala ukondewo pamiyendo pake, misozi ikugwera pa ulusi. Anangoti, “Uwu ni wa batata, atate anga. Anauyembekeza kuchokera nthawi ya mvula.” Kenaka anatenga chosokera chake chansungwi n'kuyamba kulumikiza.

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali. Pachala changa panali kabala katsopano, ndipo ndinachedwa kukabisa. Ndinayembekeza lamba, koma sanavule. Anati, “Sukulu ikatsekera uzakwera lole. Ukondewu uzaupereka wekha kwa mwini wake, uzamuuza na pakamwa pako.”

Tinayenda masiku awiri, fumbi lofiira likulowa mpaka m'mano. Mwape anatsala, chifukwa malo kutsogolo anali a munthu mmodzi. Apo ndinanyadanso, poganiza kuti ndamulanda kanthu.

Padoko panali piringupiringu. Mabwato ena anali atapakidwa phula watsopano, ena akadali chigonere, udzu utamera m'kati. Amayi ankayanika nsomba pamathandala, ndipo anyamata awiri amene anabwerera kuchokera ku Kitwe ankakhoma kanyumba kosungiramo ayezi. Anthu anathamangira lole yathu akuitana atate ndi dzina.

A Kasongo anali bambo wamfupi, wa manja okhakhala ngati khungwa. Ndinawapatsa ukonde, n'kunena zonse m'Chibemba changa chopunduka, maso ali pansi. Iwo anaufunyulula, nayendetsa chala mpaka anapeza posokedwapo. Anasisita mfundozo.

“Aka ndi kasokedwe ka mayi ake,” anatero. “Anamuphunzitsa asanamwalire.”

Za kudula kwanga sanafunse chilichonse. Anafunsa za mwana wawo. Kodi akudya? Wanenepako? Chifuwa chija chinasiya? Amaseka? Miyezi inayi ndinagona naye chipinda chimodzi, koma sindinkadziwa ngati amaseka.

“Uli ndi mwayi, mayo,” anatero a Kasongo, akunditchula mayi m'Chibemba. “Iwe umamuona tsiku lililonse. M'kalata yake analemba kuti amasirira iwe, chifukwa atate ako akabwera ku ulendo umawathamangira n'kuwalandira chipewa. Iye amangoima pakhomo.”

Ndinalira pamaso pa asodzi onse. Atate sananditonthoze, anapita kukamasula injini ya munthu wina.

Pobwerera a Kasongo anandipatsa kamtolo ka nsomba zouma kuti ndikapatse Mwape. Ndinakafungatira njira yonse, osalabadira fungo. Nditamupatsa anakanunkhiza, nandifunsa ngati mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yawo unabereka. Ndinali nditauona, ndipo tinacheza mpaka amayi anatikalipira kuti mbale sizinatsukidwe.

Doko lija linadzukadi, ngakhale kalole ka atate kanafera m'njira patapita zaka zochepa. Mwape anakhala namwino, ndipo ndiye anawasamalira atate anga m'matenda awo omaliza, ine ndili kutali ku ukwati. Tsopano ndakalamba, ndipo ndikudziwa kuti nsanje imawerenga za m'manja mwa mnzako zokha, siifunsa chimene iye anasiya kuti azilandire. Ine ndinkaona nsapato. Mwape anali atasiya atate ake.