Kansalu ka Pobayira Jekeseni

A Potiphar ankanyamula katundu pa bwalo la ndege ku Chileka, koma akafika ku Lirangwe, komwe anali mkamwini, ankasimba za ndege ngati amaziwulutsa okha. Chinkawatsitsa n'chimodzi: jekeseni. Osati kuwawa ayi, koma kansalu kotchinga pobayira pa kachipatala ka m'deralo. Mphepo ikangokankha pang'ono, a pa benchi onse ankaona bwana wa ndege atatsitsa buluku. Kunyumba ankalumbira kuti tsiku lina adzayankhula, pakhale chitseko.

Tsikulo linafika chaka chomwe ankakuza kachipatalako. Adokotala, a Greyson, mlendo kuno, anaitana anthu kuti anene zofunika kukonza, n'kuwagawa m'magulu: amayi a chipani pansi pa mango, achinyamata kuseri, odwaladwala pakhonde. A Potiphar ndi malungo awo osatha anagwera pakhonde. Momwemonso apongozi awo aakazi, odwala nyamakazi.

Tsono mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Apa tchire panalibe. Anangokhala mofulatirana, wina kuyang'ana khoma, wina msewu.

"A Potiphar, paja inu simusowa mawu," anatero a Greyson. "Tikonze chiyani?"

"Zonse zili bwino, adokotala. Kungoti... mphepo."

"Mukufuna mawindo ambiri?"

"Ayi, ichepe."

"Ndiye titseke mawindo?"

A Potiphar anapukuta thukuta. Mawu oti buluku akanatuluka bwanji, apongozi ali kumsana? Chitseko chinali kuwapulumuka akuona. A Jimu, mnzawo wa bawo, anawanong'oneza: "Nenani, achimwene, si mumayankhula ndi azungu inu?"

A Greyson anali atatembenukira kale kwa wina pamene apongozi anatsokomola, maso ali kumsewu.

"Adokotala, ine ndinene za pobayira paja. Ikanipo chitseko, cha thabwa. Ife akuluakulu timakhala pa benchi kudikira mankhwala, osati kuonetsedwa zinthu. Pali ana a eni ake ena timawathawa panjira mwaulemu, koma pano tinawadziwa kale mpaka chipsera cha kumanzere."

A Jimu chifuwa chinawagwira mwadzidzidzi.

Chitseko anaikadi, cholimba bwino. Koma kuyambira pamenepo malungo akawagwira, a Potiphar ankapalasa njinga kukabayitsa ku Blantyre, ati mankhwala a m'tauni ndi amphamvu.