Ukapitawo Umene Ndinaupempherera

Ndinatchola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina kuno ku Thyolo ndisanapatsidwe ukapitawo. Ndinayamba ndili mnyamata, dengu kumsana, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, ndipo ndinakwatira n'kubereka ana atatu ndikadali pa ntchito yomweyo. Ndinali munthu wopemphera. Chilichonse ndinkayamba ndafunsa Mulungu: za banja, za sukulu ya ana, ngakhale zogula njinga. Anzanga kukomboni ankandinena kuti abusa, mondiseka. Pempho langa lalikulu linali loti Ambuye anditsegulire khomo lina, chifukwa msana unali utayamba kundivuta ndipo ndinkaona kuti dengu sindipita nalo patali.

Tsiku lina abwana oyang'anira dera lathu anandiitanitsa ku ofesi. Anali munthu wobwera, wa kuchigawo chapakati, wophunzira komanso wofatsa, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi. Anandiuza kuti kapitawo wa gulu lathu akukapuma, ndiye asankha ine. Ndinatuluka mu ofesimo ndikuthokoza Mulungu. Lamulungu lake ndinaimirira m'tchalitchi n'kuchitira umboni, amayi a mumpingo anaimba nthungululu, abusa anandisanjika manja. Panalibe wokayika, ngakhale ine ndemwe, kuti Mulungu wayankha.

Amene anandikondwerera kwambiri anali aneba anga, bambo amene nyumba yawo inali yogundana khoma ndi yathu. Tinayamba ntchito limodzi, tinkaimba besi limodzi m'kwaya, ndipo nawonso ankapempherera ukapitawo womwewo. Anabwera ndi nkhuku kukhwapa.

"Achimwene, Mulungu wayamba kuona inu," anatero. "Ife tidikira."

M'malire mwa esiteti, chakumunsi kumene mitengo ya bulugamu imathera, kunali malo amene kampani inasiya kalekale osalimapo kanthu. Anthu a m'midzi yozungulira, amene minda yawo ndi tizidutswa tosakwana kudyetsa banja, anayamba kulimamo pang'onopang'ono. Nkhaniyi aliyense ankaidziwa. Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, ndipo chimanga m'malomo chinali chitamasula ngayaye.

Sipanapite nthawi yaitali chindipatsireni udindo, m'mawa wina abwana analamula kuti gulu langa lisiye madengu litenge zikwanje. Tinakwera ngolo ya thalakitala pamodzi ndi alonda, abwanawo akutitsatira pagalimoto. Ine ndinkaganiza kuti tikukalambula msewu. Thalakitala itaima m'mphepete mwa chimanga chija, abwana anatsitsa galasi n'kundikodola.

"Uzani anthu anu adule chonse. Pasatsale phesi."

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Ndinayang'ana chimangacho, chobiriwira, chachitali kuposa ine, choti milungu ingapo chabe ana ayamba kuotcha. Anthu anali atayamba kale kutsetsereka kuchokera kumudzi, akukuwa. Ndipo pakati pa munda woyamba panaima mayi wokalamba, khasu lili m'manja. Anali apongozi anga, mayi awo a akazi anga.

Sindinkadziwa kuti amalima kumeneko. Kwathu mkamwini sayang'anana m'maso ndi apongozi ake aakazi. Chikwatirireni, tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire ine n'kuyang'ana kumbali, ndipo mawu athu onse ankadzera mwa akazi anga. Koma tsiku limenelo anayenda molunjika kwa ine, anandiyang'ana m'maso, kenako anagwada m'matope anthu onse akuona. Anayamba m'Chilomwe, kenako anabwereza m'Chichewa kuti alonda nawonso amve, dzina la Mulungu lokha atalisiya m'Chilomwe.

"Bambo, ndinamva kuti Muluku wakukwezani. Ndinavina. Ndiye ndi yemweyo wakutumani kuno?"

Ndinapemphera maso ali chitsegulire, ndinati Ambuye, nenani kanthu, ndichite chiyani? Palibe chimene ndinamva. Thalakitala inkangolira, anthu ankangokuwa. Chimene ndikukumbukira n'choti dzanja langa linakana kukweza chikwanje. Ndinabwerera kugalimoto.

"Bwana, sindingathe."

"Achimwene, malowa ndi a kampani. Inenso ndachita kutumidwa. Mukuganiza kuti ndikukondwa?"

"Awo agwada apowo ndi apongozi anga."

Anasisita chiongolero. "Chabwino. Yambirani mbali inayo. Kunoko adula ena."

"Mbali inayonso ndi apongozi a wina, bwana."

"Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Sindikudziwa."

Ndinaika chikwanje pansi. Abwana anaitana aneba anga n'kuwauza kuti atsogolere gulu. Aneba anandiyang'ana nthawi yaitali, anavula chipewa, anachivalanso, kenako analowa m'munda. Phokoso la zikwanje pa chimanga chachiwisi sindinaliiwale mpaka lero. Ndinawadzutsa apongozi powagwira m'mikono, koyamba m'moyo wanga kuwakhudza, ndipo anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinawatulutsa m'mundamo chimanga chikugwa kumbuyo kwathu.

Dzuwa lisanapendeke ndinali nditauzidwa kale kuti ntchito yatha ndipo nyumba ya kampani ndiituluke. Akazi anga anamvetsera nkhani yonse atakhala pakhonde. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Abambo, chimanga chimene tinkadya miyezi ya njala zaka zonsezi mumati chinkachokera kuti? Ine ndinkapalira nawo mundawo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanagona tulo? Tsono taonani. Mukanadula, amayi akanalira koma ana akanadya. Pano chimanga chapita, ntchito yapita, nyumba yapita. Mulungu wanuyo anakuuzani kuti tikagona kuti?"

Ndinapita kwa abusa ndikuyembekeza kuti mwina iwo andilimbitsa mtima, koma anapukusa mutu.

"Mulungu kumukweza munthu, munthu n'kudzitsitsa yekha? Mukanayamba mwabwera kuno tipemphere."

Ndinafuna kuwafunsa kuti nthawi yake inali iti, thalakitala ili chilirire, koma ndinangotsanzika.

Tinasamukira kumudzi kwa akazi anga, njira ya ku Khonjeni, katundu atamangidwa pa njinga za kabaza. Ndinkaganiza kuti kumeneko andilandira ngati munthu amene anakana kuwalakwira. Sizinali choncho. Ambiri anangokumbukira kuti anandiona ndikutsika pa thalakitala, chikwanje m'manja, ndipo ena ankanong'onezana kuti kampani yandituma kudzazonda amene akulima m'malire. Ndikafika pabwalo la bawo nkhani inkaduka. Apongozi anabwerera ku mwambo wawo wondipatukira panjira, ngati kuti m'munda muja simunachitike kanthu, koma anatumiza mawu kudzera mwa akazi anga oti kadambo kawo ka m'mphepete mwa mtsinje ndizilimapo.

Chaka chimenecho tinaona njala. Ndinkayenda m'minda ya alimi ang'onoang'ono a tiyi kupempha ganyu yodulira ndi kutchola, ndi msana womwe uja ndinkaupempherera kuti upume. Mwana wathu wamkulu anasiya sukulu kwa kanthawi. Koma chimene chinandiopsa kuposa njala n'choti pemphero linandithawa. Ndinkagwada m'mawa monga mwa chizolowezi, mawu osatuluka. Ngati Mulungu ndiye anandipatsa ukapitawo, anandipatsiranji woti ukandifikitse pamaso pa apongozi ndi chikwanje? Ngati sanali Iye, nanga zaka zonse zija ndinkamva ndani? Ndinkadzuka pamabondo ndili ndi mantha ngati munthu amene waitana m'nyumba ya makolo ake n'kupeza mulibe munthu.

Mvula yotsatira itagwa, anthu anakadzalanso m'malo omwe aja. Analibe kwina kolima. Chimanga chitakula, kampani inatumizanso gulu, ndipo wotsogolera anali aneba anga aja, amene tsopano anali kapitawo. Ulendo uno anyamata a m'mudzi anali atabisala m'chimangamo ndi zikwanje zawo.

Ine ndinali ndikudulira tiyi m'munda wa mayi wina pamtunda pamene ndinamva mfuu. Wakabaza amene ankadutsa anandikuwira kuti kumalire aphana. Ndinathamanga mpeni wodulira uli m'manja, mpaka ndinazindikira n'kuutaya panjira. Nditafika ndinapeza alonda athawa, anyamata aja athawanso. Aneba anali chigonere pambali pa ngolo, nkhope itatuwa, malaya onse ali magazi. Amayi angapo a m'mudzi anali atawazinga, ndipo apongozi anga anali akumanga mkono wamanja wa anebawo ndi duku lawo, akukoka mfundo ndi mano. Pamene panayenera kukhala dzanja panali chinthu chimene maso anga anakana kuchizindikira. Ndinagwada pambali pawo, ndinaitana, koma sanandidziwe. Tinawanyamula n'kuwaika m'ngolo momwemo, ndipo kuchipatala anakawadula dzanjalo.

Nkhani itamveka, anthu anasintha pa ine tsiku limodzi. Ngakhale amene ankati ndinachita zopusa anayamba kubwera kunyumba.

"Mwaona? Mulungu anakuchotsani pa ngozi. Dzanja limenelija likanakhala lanu."

Akazi anga analira n'kundipepesa. Abusa anatumiza uthenga woti ndikachitire umboni Lamulungu. Ndinakana. Sindikanatha kuimirira n'kunena kuti Mulungu anandipulumutsa, pamene munthu amene analowa m'malo mwanga ankapemphera kwa Mulungu yemweyo, ndipo analowamo chifukwa ine ndinaika chikwanje pansi.

Ndinazengereza kukawaona aneba, koma potsiriza ndinapita. Ndinawapeza atatsamira khoma m'wodi, mkono wokutidwa ndi mabandeji uli pachifuwa. Akazi awo atandiona anatuluka panja osandipatsa moni.

"Akuti munapulumuka, achimwene," anatero aneba.

"Akutero."

"Khalani pansi, musaime ngati mwabwera kudzapepesa maliro." Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. "Mukudziwa, inenso ndinapemphera m'mawa umene uja. Ndinapempha kuti thalakitala ikane kulira. Inalira kamodzi n'kamodzi, ngati yatsopano."

Anaseka, kusekako n'kusanduka kulira.

"Ndikhululukireni," ndinatero.

"Chifukwa chiyani? Simunandikankhe. Ndinaona ana anga, ndinatenga chikwanje. Inu munaona apongozi, munachisiya. Tsono Mulunguyo akufuna chiyani kwa ife?"

"Sindikudziwa. Patha chaka ndisanapemphere."

Anandiyang'ana modabwa kwenikweni. "Inu? Ndiye mufunseni pompano. Inu munazolowerana naye kuposa ine."

Ananditambasulira dzanja lamanzere. Ndinaligwira, ndinatseka maso, ndipo kwa nthawi yaitali palibe chinatuluka. Kenako ndinamva mawu anga akuti, "Ambuye, sitikuona njira. Ife awiri sitikuona chilichonse. Tigwireni dzanja." Nditangotero ndinazindikira chimene ndanena pamaso pa munthu ameneyu.

"Lamanzere, Ambuye," anatero aneba. "Ndi limene latsala."

Tinaseka mpaka odwala ena anatembenuka, misozi ikutsika tonse awiri. Ndinapitiriza kupemphera, mawu osalongosoka, ndipo sindinapemphe khomo lililonse. Ndinangomuuza Mulungu kuti ndatopa ndi kulosera maganizo ake, atiyendetse Iye mwini.

Aneba atatuluka m'chipatala, kampani inawapatsa ntchito yopepuka ya pageti, koma sanakhalitsepo. Ankati anthu ankayang'ana mkono wawo asanawapatse moni. Nthawi imeneyo ine ndinali nditayamba kanazale pa kadambo kaja, kufesa timitengo ta tiyi m'machubu n'kumagulitsa kwa alimi ang'onoang'ono, chifukwa ambiri amene ndinkawagwirira ganyu ankadandaula za mbande. Tsiku lina ndinaona munthu akutsetsereka njira ya kumtsinje, kathumba paphewa. Anali aneba. Anayang'ana nazaleyo, anatola keni ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kuthirira osafunsa.

Sizinali zophweka kuti munthu amene anadula chimanga cha mudzi azigwira ntchito m'mudzi womwewo. Anyamata ena ankadutsa akulavula malovu. Amene anathetsa zimenezo ndi apongozi anga. Masana ena anatsika okha ndi mbale ya nyemba za kalongonda, anaiika patsogolo pa aneba, n'kukhala pambali mpaka iwo anadya, anthu otunga madzi akuona.

Tikugwirabe limodzi mpaka pano. Ine ndimadzaza machubu ndi kudula timitengo, iwo amathirira ndi kukambirana ndi ogula, chifukwa pakamwa pawo m'pokoma kuposa panga. Abwana aja anasamutsidwa, ndipo nkhani ya malo a m'malire sinathe. Chaka chilichonse mvula ikayandikira mudzi wonse umakhala ndi nkhawa. M'mawa tisanayambe ntchito timaima pansi pa mthunzi wa nazale n'kupemphera mwachidule. Anthu amandifunsabe ngati ukapitawo uja unachokera kwa Mulungu, ndipo ndimawayankha zoona, kuti sindikudziwa. Aneba akamva funso limeneli amangondipatsa keni yopanda madzi n'kunena kuti mbande zikufota.