Nakwecha ndi Miyala ya Pachipata

Dzina lake lenileni linali m'buku la ku ofesi, koma palinga ponse ankangomutcha Nakwecha, chifukwa kukwecha makoma ndiyo inali ntchito yake kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Lingalo ndi la miyala, lili pamwamba pa tauni, ndipo ndi lakale moti palibe angakuuzeni dzina la mmisiri amene analimanga. Chilowereni m'kaundula wa malo otetezedwa a dziko lonse lapansi, alendo ankabwera ndi mabasi. Koma mlendo ndi munthu wodabwitsa. Amayenda masiku awiri kudzaona khoma limene lakhala zaka mazanamazana osamudziwa, akafika n'kusolola msomali kuti alembepo dzina lake ndi la chibwenzi chake. Ena ankalemba ndi makala, ena choko, ena penti yopaka m'zikhadabo. Iwo akakwera basi, Nakwecha ankatsala ndi ndowa, burashi yofewa ndi mkwiyo.

Anali mayi wa mikono yolimba, wosadziwa kunong'ona. Akakupeza ukulemba pakhoma sankafunsa kuti ndiwe yani. Anakalipirapo mphunzitsi wamkulu pamaso pa ana ake a sukulu mpaka bamboyo anafufuta yekha ndi mpango wake. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ana anabalalika kukasaka moyo, ndipo kunyumba kwake kunasanduka kongogona. Kwawo kwenikweni kunali pachipata cha linga, pamene alendo ankaima kudikira matikiti manja akuwayabwa. M'mawa uliwonse ankayambira pamenepo.

Chaka chimenecho diso lake lamanzere linachita ng'ala. Atakaichotsa kuchipatala anamupatsa masabata atatu opuma, ndipo m'masabata omwewo amisiri anaphwasula chipata, chifukwa chinali ndi mng'alu woti dzanja n'kulowa. Lamulo la malo oterewa ndi louma: mwala ukachotsedwa uyenera kubwerera pamalo pake penipeni, moyang'ana kumene unkayang'ana. Ukasinthanitsa ndiye kuti wamanga chipata chatsopano ndi miyala yakale, ndipo eni kaundula sakondwa nazo. Choncho kapitawo wa amisiri analemba nambala ndi choko pa mwala uliwonse, miyala 186, podikira timalata ta manambala timene tinali tisanabwere. Anaiyala pa matabwa m'shedi mmene inkafikira pa wilibala, osatsata mzere, poti manambala analipo. Mvula anaiganizira bwinobwino kapitawoyo, denga la shediyo silinkadontha. Za Nakwecha palibe anaganiza. Palibe anamutumizira ngakhale uthenga, ngati kuti wokwecha makoma alibe makutu.

Amayenera kuyamba ntchito Lolemba, koma Lamulungu m'mawa nyumba inamutopetsa. Anakagogoda pa kakhomo ka kuseri, n'kumutsegulira mlonda, amene anali mlamu wake, mng'ono wa malemu mwamuna wake.

"Alamu, mwathawa m'chipatala kodi? Ntchito ndi mawa."

"Diso latsopanoli ndikufuna ndiliyese pa chinthu chokongola. Tapatukani, mukundiwonongera."

Mlondayo anaseka, n'kubwerera m'kanyumba kake kukamvera wailesi.

Nakwecha atazungulira pakona anaima chilili. Pamene panali chipata panali mphepo yokhayokha. Ankadziwa kuti chidzakonzedwa, koma sankayembekeza kupeza kuti palibiretu. Analowa m'shedi, ndipo diso latsopano lija linagwira ntchito yake mokhulupirika: mwala uliwonse unali wolembedwalembedwa ndi choko, zilembo zopindika ndi manambala. Loweruka palinga pamadzaza ana a sukulu, ndiye sanafunikire kufunsa munthu.

"Ana opanda mwambo inu! Ngakhale mwala wagona pansi, simuumvera chisoni?"

Anatunga madzi. Anagwada pa mwala woyamba dzuwa likadali lofewa, ndipo anadzuka pa womaliza litapendeka, msana ukuwawa, mtima uli mbee. Sanasiye ngakhale kadontho ka choko. Usiku umenewo anagona tulo tokoma timene anali asanagone chichokereni kuchipatala.

Lolemba anafika ndi ndowa yake n'kumva kukuwa kuchokera kushedi. Kapitawo anali atagwira kumutu, kope lake la chithunzi cha chipata ndi manambala lili pansi. Amisiri anali ataima duu. Panalinso bwana woyang'anira linga, bambo woopa makalata ochokera kumwamba kuposa njoka, ndi mayi wina wofatsa, katswiri wa nyumba zakale amene boma linamutuma kudzayang'anira ntchitoyo.

"Manambala anga!" kapitawo ankangobwereza. "Masabata awiri ndikulemba! Tsopano ndidziwa bwanji kuti uwu ndi wa pati?"

Nakwecha anasendera pafupi. Anayang'ana kope lili pansi lija. Zilembo zopindika zomwe zija, dzanja lomwe lija.

Bwana anaitanitsa mlonda. "Dzulo analowa ndani muno?"

"Palibe, bwana."

"Palibe? Ndiye miyalayi yasamba yokha?"

Mlonda anayang'ana nsapato zake.

"Ndikufunsa komaliza. Analowa ndani?"

"Sindinaone munthu, bwana."

"Mlonda wosaona munthu ndilibe naye ntchito. Kavule yunifolomu, usiye makiyi patebulo panga."

Mlondayo sanamuyang'ane mlamu wake ngakhale pang'ono, ndipo Nakwecha anadziwa kuti akuchitira dala. Munthuyo anali ndi ana asanu pakhomo. Nakwecha anaima kumbuyo kwa amisiri, burashi ikadali yonyowa m'ndowa, koma palibe anacheuka, chifukwa wokwecha makoma anthu amamuona ngati mmene amaonera tsache. Akanangokhala chete, nkhani ikanathera pomwepo. Anaopa kwambiri. Sanaope njala, anaopa m'mawa umene adzadzuke wopanda kopita. Mlonda anatembenuka n'kuyamba kumasula batani loyamba. Nakwecha anaika ndowa pansi mwamphamvu mpaka madzi anatayikira.

"Musiyeni mlamu wanga. Ndatsuka ndine."

Onse anacheuka.

"Inu?" anatero bwana. "Mwatsuka?"

"Ndimayesa ndi ana a sukulu. Palibe anandiuza, bwana."

"Mumayesa! Mayi inu, mukudziwa chimene mwachita? Anthu akunja akubwera kudzayendera malo ano, ndikawauza kuti chipata chinatsukidwa? Ntchito yanu yatha lero lomwe lino. Tengani zanu muzipita."

Katswiri anafunsa kapitawo za zithunzi zimene anajambula asanaphwasule. Kapitawo anapukusa mutu. Zithunzi zinalipo, koma pachithunzi mwala uliwonse ndi wotuwa ngati unzake. Kuyesa umodziumodzi kukanatha chaka, ndipo mwala wakale ukaunyamula n'kuutsitsa kangapo umabenthuka m'mphepete.

Nakwecha anatola ndowa. Njira yotulukira inadutsa pakati pa miyala, ndipo dzanja lake linapita lokha pa mwala wina wa m'mbali, monga mmene munthu amagwirira phewa la mnzake pamaliro.

"Pepa iwe wa kumanja," anatero, poti kunong'ona sankadziwa. "Mzere wachitatu, pafupi ndi chitsulo cha chitseko. Ndakusocheretsa."

"Mayi, taimani," anatero katswiri. "Mwati chiyani?"

"Ndati uwu ndi wa kumanja polowa, mzere wachitatu."

"Mwadziwa bwanji?"

"Simukuona kamtima aka? Anagoba ndi mpeni mnyamata wina wa jekete yofiira. Ndinakwecha miyezi iwiri, sikanachoke."

Katswiri anatsegula kompyuta yake pa wilibala, anakulitsa chithunzi mpaka chinayamba kuoneka mbuu, ndipo kamtima kanali pomwepo, kumanja, mzere wachitatu. Analoza mwala wina patali. Nakwecha anaupapasa n'kunena kuti ndi wa kumanzere, pansi penipeni, pamene woyendetsa ngolo ya zakumwa anagunda n'kuthawa. Analoza wachitatu. Umenewo unali ndi dontho la penti yobiriwira limene linalowerera m'kati, ndipo Nakwecha anatchula mzere wake, n'kutukwana mwini pentiyo ngati wachoka dzulo.

Katswiri anatengera bwana pambali. Analankhula nthawi yaitali, bwana akupukuta thukuta. Atabwerera, bwana sanamuyang'ane Nakwecha kumaso.

"Kalata yokuchotsani ntchito ndilemba ndithu, chifukwa kumwamba afuna kudziwa amene walakwa. Koma mukhala kaye mpaka miyala imene mukuidziwa ithe. Tsiku limene mudzaloze womaliza, mudzabwere ku ofesi mudzasiye ndowa."

Ntchito inayamba choncho. M'mawa uliwonse Nakwecha ankalowa m'shedi n'kuyenda pakati pa miyala akupapasa, katswiri akutsimikiza pa chithunzi, amisiri akunyamula ndi malamba n'kukhazika pa laimu, matope ake omangira. Zinali zopweteka kuvomereza, koma amene ankamuthandiza anali anthu omwe aja anawatukwana moyo wake wonse. Wa msomali, wa mpeni, wa kiyi ya galimoto, aliyense anasiya chipsera chimene manja ake ankachidziwa. Khoma linafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Madzulo aliwonse asanaweruke ankayang'ana m'shedi n'kuona matabwa opanda kanthu akuchuluka, ndipo chakudya chinkamukanika.

Tsiku lina mlamu wake anamukokera kuseri kwa kanyumba kake.

"Alamu, mukuthamangira kuti? Mukuloza miyala isanu ndi umodzi pa tsiku ngati pali mphotho. Lozani iwiri. Nenani kuti diso likuwawa. Muziiwalako, ndinu munthu wamkulu."

"Ndiiwale dala?"

"Aliyense amaiwala. Mukafika chaka chamawa bwanayu adzakhala atasamutsidwa, kalata idzasowa."

Mawa lake Nakwecha anayesadi. Anaima pa mwala umene ankaudziwa ngati chikhatho chake, wa mzere wachisanu ndi chimodzi, n'kunena kuti sakukumbuka bwino. Amisiri anakhala pansi kudikira. Laimu amene anakanya anayamba kuuma m'beseni. Iye anazungulira shedi kawiri, manyazi akumuotcha m'makutu, ndipo pobwera kachitatu analephera kupirira.

"Nyamulani uwu. Kumanzere, mbali yosweka iyang'ane kumsewu. Fulumirani, laimu akuuma."

Sanayesenso.

Sabata lachisanu ndi chiwiri, Lachinayi dzuwa lili paliwombo, amisiri anakhazika mwala umene unali ndi mizere itatu ya msomali m'munsi mwake. Nakwecha ankaukwecha atanyanyamphira, dzanja litatambasuka mpaka kumapeto. Atabwerera m'shedi anapeza miyala makumi anayi ndi umodzi, ya pamwamba pamene chipata chimapindika. Inali yosalala, yoyera, yopanda chipsera ngakhale chimodzi.

Kapitawo, amene tsiku loyamba lija ankafuna kumumeza wamoyo, anabwera n'kuima pambali pake. Analankhula motsitsa mawu.

"Mayi, musafulumire kuyankha. Yang'anitsitsani. Mwina iyinso mukuidziwako pang'ono. Tikhoza kumayesa limodzi, lero umodzi, mawa umodzi. Palibe akutithamangitsa."

Katswiri anali pomwepo ndipo anamva, koma anaweramira mapepala ake ngati muli nkhani yofunika kwambiri. Amisiri anayang'ana kumbali. Mlamu wake anali pakhomo la shedi, maso ake akumupempha. Onse anali atamutsegulira njira, ndipo inali ya miyezi yambiri.

Nakwecha anayenda pang'onopang'ono pakati pa miyalayo. Anagwira uliwonse, kufunafuna kabowo, kamzere, chilichonse chimene chala chake chingakumbuke. Ankafunitsitsa kupeza. Pa wina anaima nthawi yaitali, pakamwa patatseguka kale kuti anene kuti ndi wa kumanja. Akananena, akanamukhulupirira, chifukwa m'masabata asanu ndi awiri sanaphonye ngakhale kamodzi. Amisiri akanaunyamula, n'kuuyesa, n'kuutsitsa, n'kuubenthula, pa mawu ake. Anachotsa dzanja.

"Iyi sindikuidziwa."

"Ngakhale umodzi, mayi?" anatero kapitawo.

"Ngakhale umodzi. Kumwambako sikunkafika wolemba, ndiye inenso sindinkafikako. Ndine wamfupi, bambo. Funsani zithunzi zanu."

Misozi inatuluka m'diso latsopano ndi lakale lomwe, ndipo sanaibise. Anakhuthulira madzi a m'ndowa pa udzu, anakung'untha burashi n'kuiponya m'kati. Podutsa pachipata anaona mmisiri wina atatsamira khoma latsopanolo akumwa madzi.

"Choka apo iwe! Laimu akadali wamuwisi."

Mmisiriyo anadumpha. Nakwecha anakwera masitepe a ku ofesi, ndowa ili m'manja, n'kugogoda.